Musamanyoze Guiding Light, sewero lomwe linakalamba limodzi ndi anthu ake

Pali kayankhulidwe kena kamene ndikakamva kamandipweteka mumtima, munthu kungoti aaa zija zamasana pa TV zija ndi zachibwana, zowonera anthu osowa chochita. Amakhala akunena masewero aja osatha omwe ku America amawatchula kuti soap opera, ndipo nthawi zambiri wonenayo sanakhalepo pansi n'kutsatira limodzi kwa mwezi wathunthu, anangodutsa pabalaza n'kuona mayi akulira pafupi ndi kamera basi n'kugamula mlandu. Ine lero ndikufuna ndiikire kumbuyo limodzi mwa masewero amenewa, Guiding Light, lomwe gawo lake lomaliza linaonetsedwa pa TV ya CBS ku America pa 18 Sepitembala 2009. Ndikuti linali ntchito yaikulu yoyenera ulemu, ndipo chimene anthu amaliseka nacho, zoti linkachedwa komanso silinkatha, ndi pomwe panagona mphamvu yake.

Tayambani mwaganizira kutalika kwake. Linayamba pa wailesi ya NBC pa 25 Januwale 1937, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe, linasamukira ku CBS mu 1947, linalowa pa TV pa 30 Juni 1952, n'kudzatha Barack Obama ali pulezidenti. Zaka 72 zimenezo, nkhani imodzi yomangopitirira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo magawo apa TV okha anapitirira 15,000. Masiku ano sewero likafika sizoni yachisanu ya magawo 10 timayamba kuliombera mmanja kuti lakhalitsa, pamene anthu awa magawo 50 ankawamaliza mmasabata 10 n'kumapitirira ngati palibe chachitika.

Amene analiyambitsa ndi mayi wa ku Chicago, Irna Phillips, yemwe anabadwa mu 1901 ndipo poyamba anali mphunzitsi. Mayi ameneyu ndi amene ambiri amati anayala maziko a masewero amtundu umenewu kuyambira pa Painted Dreams mu 1930, ndipo olemba awiri akuluakulu omwe anadzatchuka pambuyo pake, Agnes Nixon ndi William J. Bell, onse anaphunzira ntchito mmanja mwake. Nkhani ya Guiding Light sanaiyambe ndi anthu olemera kapena achikondi chothawitsana ayi, anaiyamba ndi m'busa, Rev. John Ruthledge, wa dera lotchedwa Five Points, yemwe ankasiya nyali ikuyaka pawindo la chipinda chake chowerengera usiku onse kuti aliyense amene zamuvuta adziwe kuti atha kugogoda. Dzina la sewero linachokera pa nyali imeneyo. Irna mwiniwake anadutsa mzowawa ali mtsikana, anataya mwana pobereka, ndipo chimene chinamutonthoza anali maulaliki a Preston Bradley wa ku Chicago konko. Nde mukamati zachibwana dziwani kuti mukunena nkhani yomwe inabadwa mumtima wa munthu amene analira n'kupeza pogwira.

Zoti linali la malonda sindikana. Dzina loti soap opera linabwera chifukwa makampani a sopo ndi amene ankalipira, ndipo Guiding Light kwa zaka zambirimbiri inali mmanja mwa Procter & Gamble, omwe cholinga chawo chinali choti mayi amene ali pakhomo masana amve dzina la sopo wawo pakati pa nkhani. Izi ndi zoona ndithu. Koma ndiuzeni luso liti lomwe linakhalapo popanda wina wolilipirira, mpira omwe timaukonda uja osewera amathamanga ndi dzina la kampani pachifuwa koma palibe amati chigoli chabwino chasanduka chabodza chifukwa cha zimenezo. Funso n'loti olemba ndi osewera anachita nayo chani nthawi imene anapatsidwayo, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitse pa munthu mmodzi, Bert Bauer.

Banja la Bauer linalowa mu nkhaniyi mu 1948, banja wamba lochokera ku Germany, bambo wokalamba yemwe aliyense ankangomutcha Papa Bauer ndi ana ake Bill, Meta ndi Trudy. Anthu anawakonda mpaka pomwe Meta anawombera mwamuna wake Ted White mwana wawo atamwalira, omvera wailesi anapatsidwa mwayi wolemba makalata kugamula mlanduwo ndipo anamumasula. Koma Bert, mkazi wa Bill, sanayambe ngati munthu wokondedwa. Anali mkazi wolongolola, wofuna zapamwamba, wokankha mwamuna wake kuti apeze zambiri pomwe mwamunayo anali wofooka komanso womwa mowa. Amene ankasewera ngati Bert anali Charita Bauer, dzina lofanana mwangozi chabe, ndipo anayamba mu 1950 n'kukhala pa udindo umenewo zaka 34. Pakati pa 1952 ndi 1956 iye ndi anzake ankachita gawo lomwelo kawiri pa tsiku, la TV ndi la wailesi, mphindi 15 lililonse. Ngakhale mwana wa Bert musewero anamutcha Michael potengera mwana weniweni wa Charita.

Tsono chimene chinachitika ndi Bert palibe filimu ya maola awiri ingachichite. Mkazi wolongolola uja anasintha pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, banja likumuvuta, ana akukula, mwamuna akumukhumudwitsa, mpaka anadzakhala mayi wa tauni yonse ya Springfield, munthu yemwe aliyense zikamuthina ankapita kukakhala patebulo la kukhichini kwake n'kumwa khofi. Palibe tsiku limodzi lomwe mungaloze kuti apa ndi pomwe Bert anasinthira. Anasintha mmene amasinthira anthu enieni, mumangozindikira patapita zaka kuti azakhali aja ankaopedwa aja pano ndi amene aliyense akuthawirako. Ndipo owonera omwe anali atsikana ongokwatiwa kumene mu 1952 anali agogo pomwe Bert ankakhala gogo, imvi zinamera nthawi imodzi kumbali zonse ziwiri za galasi la TV.

Mu 1962 Agnes Nixon, yemwe nthawi imeneyo ndi amene ankalemba, anamupatsa Bert khansa ya m'chiberekero yomwe inapezeka msanga chifukwa anakayezetsa. Kumbukirani chaka chake, 1962, nthawi yomwe mawu ngati khansa ndi chiberekero mabwana a TV ankachita nawo manyazi moti Nixon anachita kuzungulira kuti nkhaniyo iloledwe. Koma anailemba, ndipo uthenga woti mayi azipita kukayezetsa Pap smear asanayambe kumva kuwawa unalowa mnyumba za anthu mamiliyoni kudzera mwa munthu yemwe ankamukhulupirira kale. Chikwangwani cha kuchipatala chimakuuza zoti uchite, koma Bert unali utamudziwa zaka 10, ukudziwa mantha ake ndi kuuma mutu kwake, nde akamaopa kupita kwa dokotala umadziona wekha. Kusiyana kwake ndi kumeneko ndipo sikochepa.

Chomwe chimandigwira kwambiri ndi cha kumapeto. Charita Bauer anadwala mpaka anadulidwa mwendo, ndipo mmalo momubisa kapena kumuchotsa mwakachetechete, mu 1984 anabwerera ndipo nkhani ya mwendowo inalembedwa musewero, Bert naye anadulidwa mwendo. Pali kachigawo kena komwe Bert ali yekha, kapu yamugwa pansi, akulephera kuitola, n'kuyamba kulira. Kapu chabe. Palibe mfuti, palibe galimoto yophulika, koma amene anamuona mayi ameneyu akutumikira ena patebulo kwa zaka 30 anadziwa kulemera kwa kapu imeneyo. Ndipo Bert yemweyo ndi amene analimbikitsa Josh Lewis, mnyamata yemwe nthawi imeneyo anali pa wilitcheya atachita ngozi ndipo anali atataya mtima. Charita anamwalira mu Febuluwale 1985. Ndiuzeni ngati zimenezi zili zachibwana.

Pano tiyeni tikambe za kuchedwa kuja, poti ndi dandaulo lalikulu la anthu onyoza. Amati kukambirana kumodzi kumatenga sabata yathunthu, chinsinsi chimodzi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anthu amangobwereza zomwe tikudziwa kale. Eya zinali choncho, ndipo zinapangidwa dala. Wowonera wake sanali munthu wokhala mumdima atazimitsa foni, anali munthu yemwe akusita, akudyetsa mwana, wina wagogoda pakhomo, mwina Lachitatu sanaonere n'komwe. Seweroli linalembedwa moti ulimve ngakhale uli chipinda china, ndipo ukaphonya masiku awiri usasochere. Kumeneko ine ndimakuona ngati kulemekeza moyo wa wowonera, osati kumupeputsa. Komanso kubwereza kuja sikunali kubwereza wamba, nkhani imodzi yomweyo umaimva Ed, mwana wa Bert, akuuza mkazi wake Maureen, kenako Maureen akuuza mnzake, kenako yafika kwa amene samayenera kuimva, ndipo chokoma sichinali nkhaniyo ayi koma nkhope ya aliyense akamaimva. Mmoyo weniweni zimayenda chomwecho, chinthu chimachitika kamodzi koma chimakambidwa mwezi wonse ndipo mkukambidwa kwakeko ndi momwe maubale amamangika kapena kusweka. Kenako Lachisanu likafika ankakusiya mmalere, chitseko chatseguka, munthu watembenuka, nyimbo yalira, basi udikire Lolemba.

Masewero amakono achidule aja ndimawaonera ndipo ena ndi abwino zedi, zithunzi zokongola, ndalama zambiri. Koma umawameza usiku umodzi kapena iwiri, pakatha mwezi mayina a anthu ake waiwala. Sangakupatse chinthu chimodzi ichi, kukumbukira limodzi ndi munthu wa musewero zomwe zinachitika zaka 15 zapitazo, iwe unalipo, iye analipo, ndipo nonse mwakalamba.

Chitsanzo chake ndi Roger Thorpe ndi Holly. Mu 1979 seweroli linaonetsa Roger, yemwe ankaseweredwa ndi Michael Zaslow, akugwiririra mkazi wake Holly, yemwe anali Maureen Garrett, ndipo Holly anamutengera kukhoti. Nthawi imeneyo mzigawo zambiri za America malamulo sankaona kuti mwamuna angapalamule mlandu wogwiririra mkazi wake wa mnyumba, zinatenga mpaka 1993 kuti zigawo zonse 50 zivomereze kuti ndi mlandu. Nde sewero lamasana, lomwe akuti la anthu osowa chochita, linaika nkhani imeneyi patebulo zaka 14 malamulo asanamalize kudzuka. Roger anadzagwa kuphompho mu 1980 anthu n'kuyesa wafa, anabwerera mu 1989, ndipo apa onyoza amaseka kuti mwaona akufa amadzuka. Chabwino sekani, koma onani zomwe kubwerako kunabala. Anthu awiriwa anali ndi mwana, Blake, nde sakanatha kupewana, ndipo nthawi iliyonse akakhala mchipinda chimodzi mzaka za m'ma 1990 zonse za 1979 zinali pakati pawo osatchulidwa, mkwiyo, mantha, chisoni cha Roger chomwe sunkadziwa ngati n'chenicheni, ndi kukokana kwina komwe Holly mwiniwake ankadana nako. Olemba sankafunika kufotokoza chilichonse chifukwa owonera anali mboni. Ine magawo amenewo ndimawaika pambali pa zisudzo zilizonse zolemekezeka ndipo sachita manyazi, Zaslow analandira nawo mphoto ya Daytime Emmy mu 1994.

Ndisaiwale 1966, pomwe seweroli linabweretsa Dr. Jim Frazier ndi mkazi wake Martha yemwe anali nesi, anthu akuda ogwira ntchito yolemekezeka mchipatala, mnthawi yomwe America inali ikulimbana ndi tsankho mmisewu. Omwe anasewera maudindo amenewa ndi Billy Dee Williams kenako James Earl Jones, Cicely Tyson kenako Ruby Dee. Sindinganame kuti anapatsidwa nkhani zazikulu mmene zinayenera kukhalira, sanapatsidwe, koma khomo linatseguka ndipo mayina amenewo mukuwadziwa kumene anakafika.

Tsono n'chifukwa chani anthu amanyozabe? Ine ndikuona kuti gwero lake si luso ayi, ndi amene ankaonera. Zinali za amayi, makamaka amayi apakhomo, ndipo chilichonse chimene amayi apakhomo akonda dziko limafulumira kuchitcha chopepuka. Bambo atha kutsatira timu imodzi ya mpira zaka 40, kudziwa amene anagulidwa, amene anavulala, amene anakangana ndi kochi, kulira timu ikagonja, ndipo palibe amamufunsa kuti kodi ligi imeneyi idzatha liti, timati ndi wokhulupirika. Mayi akatsatira banja la Bauer zaka 40 zomwezo akuti akutaya nthawi. Chonsecho nkhani zake zinali ukwati, matenda, uchidakwa, mwana wosamvera, chuma cha masiye, kukhululuka kapena kukana kukhululuka, zinthu zomwe aliyense wa ife zimamusowetsa tulo. Ngati zimenezi zili zazing'ono nde zazikulu ndi ziti?

Ndipo ntchito yake inali yoopsa abale. Kuyambira 1977 gawo lililonse linali la ola lathunthu, atalikweza kuchoka pa mphindi 30 zomwe linafika mu 1968, ndipo ankajambula pafupifupi gawo limodzi pa tsiku ku New York, chaka chonse, opanda tchuthi choti abwereze zakale. Wosewera amaloweza masamba ambirimbiri usiku, mmawa ayeserere, masana ajambule, kulira kwenikweni pa nthawi yake, mawa zina. N'chifukwa chake ambiri anakulira mmenemo, Kevin Bacon anadutsamo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nia Long, Taye Diggs, Hayden Panettiere ali kamwana, Matt Bomer. Koma ine ulemu wanga waukulu umapita kwa omwe anakhala, ngati Kim Zimmer yemwe anabwera mu 1983 ngati Reva Shayne, mwana wa wantchito wa mnyumba ya banja lolemera la Lewis ku Oklahoma yemwe anakonda Josh moyo wake onse koma n'kukwatiwa ndi mchimwene wake Billy komanso bambo wake H.B. Mukangomva choncho mumati zamisala. Koma kaonereni chigawo cha mu 1984 chomwe Reva, atatopa ndi kunyozedwa ndi Josh, analowa mkasupe wa madzi pa phwando n'kudzibatiza yekha ndi dzina lachipongwe lomwe ankadziwa kuti anthu amamutchula kuseri. Mkazi akukuwa, akuseka, akulira nthawi imodzi, akutenga chitonzo n'kuchivala yekha kuti chisamupwetekenso. Zimmer anatenga ma Emmy anayi pa udindo umenewu ndipo palibe imodzi yomwe anapatsidwa mwachifundo.

Pano ndinene zomwe zinalakwika, chifukwa kukonda chinthu sikutanthauza kutseka maso, ndipo zina mwa izi zimandiwawa mpaka lero. Mu 1993 anapha Maureen Bauer pa ngozi ya galimoto atangodziwa kuti mwamuna wake Ed wamuzembera ndi mnzake Lillian. Magawo ake anali amphamvu kwambiri, Ellen Parker analandira nawo Emmy, koma Maureen ndi amene anali atatenga malo a Bert, ndi amene anali mwini wa tebulo lija la kukhichini, nde kumupha kunali ngati kuzula mzati wapakati kuti upeze nkhuni za usiku umodzi. Kuyambira pamenepo Springfield inalibenso nyumba yomwe aliyense amabwererako. Mu 1997 Michael Zaslow atayamba kuvutika kuyankhula anamuchotsa n'kuika munthu wina pa udindo wa Roger, kenako zinadziwika kuti anali ndi matenda ofoola minofu otchedwa ALS, ndipo sewero lina, One Life to Live, ndi lomwe linamutenga n'kulemba matenda akewo mu nkhani mpaka anamwalira mu Disembala 1998. Tangoganizani, sewero lomwelo lomwe linasunga Charita Bauer ndi mwendo wake umodzi linalephera kusunga Zaslow. Owonera ambiri sanakhululuke ndipo ine ndimawamvetsa. Kenako mu 1998 kunabwera nkhani ija yoti dokotala wapanga Reva wachiwiri mu labu n'kumukulitsa msangamsanga ndi mankhwala, ndi zina za chilumba cha mafumu cha San Cristobel, zinthu zomwe zinapatsa onyoza ndodo yotimenyera.

Koma taonani bwino, zonse zomwe ndatchulazi ndi nthawi zomwe seweroli linasiya kudzikhulupirira. Linayamba kuthamangira achinyamata omwe otsatsa malonda ankawafuna, n'kuiwala kuti mtsikana ankayamba kuonera chifukwa anakhala pambali pa mayi ake kapena agogo ake akuonera, nde ukakhumudwitsa agogo wataya ndi mdzukulu yemwe. Amene amanyoza soap opera potchula Reva wa mu labu akutenga matenda n'kumati ndiye munthuyo.

Zifukwa zina za imfa yake zinali zoposa mphamvu ya olemba, izi ndivomereze. Amayi ambiri ku America anayamba kugwira ntchito kunja kwa nyumba nde masana kunalibe woonera, matchanelo a cable anachuluka, mu 1995 mlandu wa O.J. Simpson unalanda masana a anthu kwa miyezi yambiri ndipo ena chizolowezi chitaduka sanabwererenso, kenako intaneti. Komanso masamu ake ndi osavuta, pulogalamu ya mipikisano kapena yocheza imafuna situdiyo imodzi ndi wowulutsa mmodzi pomwe sewero limafuna osewera makumi angapo, olemba, zovala, zipinda. Mu 2008 Guiding Light inayesa kudula bajeti, anayamba kujambula ndi makamera ogwira pamanja komanso panja mtauni yaing'ono ya Peapack ku New Jersey, zithunzi zinkagwedera, mawu nthawi zina osamveka bwino, ndipo ambiri anadandaula. Ine pamenepo sindiwaweruza kwambiri, anali anthu omwe akuyesa kupulumutsa nyumba ikupsa ndi ndowa yomwe anali nayo, ndipo ngakhale mnthawi yovutayo anatulutsa nkhani ya chikondi cha amayi awiri, Olivia ndi Natalia, yomwe inayenda pang'onopang'ono mwa kale lija mpaka inakoka owonera atsopano. Pa 1 Epulo 2009 CBS inalengeza kuti basi, ndipo malo ake anadzatenga Let's Make a Deal. As the World Turns, mwana wina wa Irna Phillips, inatsatira mu 2010, All My Children mu 2011, One Life to Live mu 2012.

Chimene sindivomereza ndi mawu oti anthu anasiya kufuna nkhani zotere. Sanasiye. Masewero ausiku omwe amatamandidwa lero, nkhani yopitirira gawo ndi gawo, mabanja olimbirana chuma, kukusiya mmalere kuti utsegule gawo lotsatira, zonsezo ndi nzeru za Irna Phillips zavekedwa suti. Anatenga mapangidwe ake n'kusiya kuleza mtima kwake. General Hospital, Days of Our Lives, The Young and the Restless ndi The Bold and the Beautiful akadalipo, ndipo mu Febuluwale 2025 CBS yomweyo inayambitsa sewero latsopano lamasana, Beyond the Gates, lokamba za banja lolemera la anthu akuda, Procter & Gamble ili nawo mkati. Nde ngati mtundu umenewu unali wakufa akuubwereranji?

China chomwe chimandiwawa ndi choti zambiri za zaka zoyambirira kulibe. Magawo akale ankaulutsidwa pompopompo, ndipo matepi atabwera ankawafufuta n'kujambulapo zina chifukwa palibe ankaganiza kuti wina adzazifuna, nde ntchito ya Charita Bauer ya zaka zake zambiri inapita ndi mphepo, kwatsala tizidutswa. Zomwe timaonera pa YouTube lero zambiri ndi zomwe owonera wamba anajambula okha pa VHS kunyumba, zithunzi zotuwa, zotsatsa malonda za nthawi imeneyo zili momwemo, munthu anasunga mkatoni zaka 30 n'kudzaziika kuti ena aone. Anthu omwe ankanenedwa kuti osowa chochita aja ndi amene anasunga mbiri yomwe eni ndalama anaitaya. Ngati simunalionepo yambani ndi magawo a pakati pa 1989 ndi 1993, kapena pikiniki ya banja la Bauer yomwe inkachitika chaka chilichonse pa 4 Julaye pomwe tauni yonse, adani ndi abwenzi, inkasonkhana kuseri kwa nyumba imodzi. Musaonere kachidutswa kamodzi n'kugamula, lipatseni masabata awiri motsatizana mmene linapangidwira, mudzaona tsiku lina mukudera nkhawa munthu yemwe kulibe.

Gawo lomaliza silinachite phokoso. Josh anali atauza Reva kuti akakumane pa nsanja ya nyali yowunikira zombo pakatha chaka ngati adzakhale wokonzeka, nsanja yomwe kwa zaka zambiri inali chizindikiro cha seweroli mmalo mwa nyali ya pawindo ya m'busa uja. Chaka chitatha Josh anafika, Reva anabwera ndi kamwana kake Colin, onse awiri tsitsi ndi nkhope zikuonetsa zaka 26 zomwe owonera anayenda nawo, anakwera pikapu yakale ya Josh, iye anamufunsa ngati wakonzeka, Reva anayankha ndi liwu limodzi lija ankauzana kuyambira kale loti nthawi zonse, galimoto n'kunyamuka. Penapake ku America panali gogo wa zaka 80 yemwe anamva m'busa Ruthledge pa wailesi ali kamtsikana ka zaka 8 pambali pa mayi ake, atakhala pampando akuona galimoto imeneyo ikupita. Tsikulo linali Lachisanu, ndipo Lolemba lake pa nthawi ija Springfield kunalibe.